Mbusa Dr. Robert Laws (1851-1934) ndi Funso la Chinenero cha m'Sukulu

Mbusa Dr. Robert Laws adatumikira Mulungu m'dziko la Malaŵi zaka 52, kuyambira m'chaka cha 1875 kufikira m'chaka cha 1927. Adali mbusa, sing'anga, mmisiri wa matabwa, womasulira Malembo ndiponso mphunzitsi, ndipo ana a sukulu zimene adaziyambitsa adabalalika kufikira ku Zambia, ku Zimbabwe, ku Tanzania, ku Congo ndi ku South Africa. Ambiri amawakumbukira chifukwa cha sitima ya Ilala, mseu wa Gorodi ndi magetsi a pa phiri la Khondowe. Koma m'nkhani ino tifuna kulondola moyo wawo poyang'ana funso limodzi limene lidayenda nawo kuyambira pachiyambi kufikira ukalamba wawo, limenenso likali pakati pathu: kodi mwana wa mu Afrika aphunzire masamu, mbiri yakale ndi zaumoyo m'chinenero chiti, cha amayi ake kapena cha alendo?

Kubadwa ndi Maphunziro Awo

Robert Laws adabadwira ku Mannofield, m'mbali mwa mzinda wa Aberdeen ku Scotland, pa 28 Meyi 1851. Bambo wawo adali mmisiri wopanga mipando ndi makabati, ndiponso Mkhristu wokhulupirika wa mpingo wa United Presbyterian. Mayi wawo adamwalira mwanayo akali wamng'ono. Popeza banjalo lidalibe chuma, mnyamatayo adayamba msanga kuphunzira ntchito ya bambo wake, namapita ku sukulu ya madzulo ataŵeruka ku matabwa. Ataŵerenga za maulendo a Dr. David Livingstone, mtima wake udakhumba kukagwira ntchito ya Mulungu pakati pa Amakololo, ndipo chikhumbo chimenecho sichidazilale konse.

Masiku amenewo njira ya ku yunivesite inkadzera m'Chilatini ndi m'Chigriki, zinenero zimene palibe ankazilankhula pakhomo. Ngakhale Chingelezi cha m'mabuku chidali chosiyana ndi kalankhulidwe ka anthu wamba a ku Aberdeen, kamene munthu wa ku London amavutika kukamva. Motero tinganene kuti a Laws adalaŵa okha, akali mnyamata, kulemera kwa kufunafuna nzeru kudzera m'mawu osakhala a pakhomo. Adapirira, nalandira digiri yoyamba mu 1872 ndi ya udotolo mu 1875 pa yunivesite ya Aberdeen. Zaubusa adaphunzira ku Edinburgh, ndipo pakati pa maphunzirowo adatumikira odwala nthomba ndi matenda ena opatsirana m'zipatala za ku Glasgow. Adadzozedwa ubusa m'chaka chomwecho cha 1875.

Ulendo wa ku Nyanja ndi Sukulu Yoyamba

Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu 1873 ndi kuikidwa ku London mu 1874, Dr. James Stewart wa sukulu ya Lovedale ku South Africa adapempha mpingo wa Free Church of Scotland kuti ukhazikitse mishoni pa Nyanja ya Nyasa yokhala chikumbutso chake, ndi kuti dzina lake likhale Livingstonia. Mpingo wa a Laws udawabwereka ku ntchito imeneyi kuti akhale sing'anga ndi mbusa wa gulu loyamba, limene mtsogoleri wake adali Edward Young. Adabwera ndi sitima ya Ilala ili zidutswazidutswa, nailumikiza pa mathiriro a Zambezi, naimasulanso pa mathithi a Shire, pamene amtengatenga mazana ambiri, osonkhanitsidwa ndi mafumu a Amakololo, adaisenza pamutu kufikira kumtunda. Sitimayo idaloŵa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875, ndipo gululo lidamanga ku Cape Maclear, m'dziko la Mfumu Mponda.

Kumeneko mphunzitsi adayenera kuyamba wakhala wophunzira. Padalibe buku la Chinyanja loti mwana aŵerenge, ndipo amishoniwo sankadziŵa ngakhale kupempha madzi popanda womasulira. A Laws adayamba kusonkhanitsa mawu limodzi limodzi kuchokera kwa antchito, kwa odwala ndi kwa ana, namawalemba monga momwe makutu awo adawamvera. Mu 1876 Dr. Stewart adanyamuka ulendo wa ku Cape Maclear ndi anyamata anayi a ku Lovedale: William Koyi, Shadrach Mngunana, Mapassa Ntintili ndi Isaac Wauchope. A Mngunana ndiwo adagwira sukulu ya pa Cape Maclear, mmene mudali ana a mafumu a Amakololo ndi ana a anthu othaŵa ukapolo, kufikira imfa yawo mu 1877. Kumapeto kwa chaka chomwecho Dr. Stewart adabwerera ku Lovedale, ndipo utsogoleri wa mishoni udatsala m'manja mwa a Laws.

Ntchito ya mawu ija idabala zipatso. Chipangano Chatsopano chimene a Laws adamasulira m'Chinyanja chidasindikizidwa mu 1886, ndipo buku lawo lotanthauzira mawu a Chingelezi m'Chinyanja lidatuluka mu 1894. Mu 1879 adakwatira Margaret Gray ku Blantyre, ndipo Mayi Laws adagwira ntchito yophunzitsa atsikana ndi amayi. Pa ana awo onse adakula ndi mmodzi yekha, Amelia Nyasa. Pa 27 Malichi 1881 a Laws adabatiza Albert Namalambe, Mkhristu woyamba wa mishoniyo, patapita zaka zisanu ndi manda asanu a antchito anzawo.

Ku Bandawe ndi Kumapiri: Chinenero Chachilendo Si cha Mzungu Yekha

Chifukwa cha malungo ndi kuchepa kwa anthu pa Cape Maclear, mishoni idasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga, mu 1881. Amishoni adapita kumeneko ndi mabuku amene adali nawo, ndiwo a Chinyanja, ndi othandiza amene adali atawaphunzitsa m'Chinyanja. Chotero ana a Atonga adayamba sukulu m'chinenero chimene, ngakhale chidali cha mu Afrika ndiponso chapachibale, sichidali chimene amayi awo ankawatonthoza nacho. Kudali kwapafupi kwa amishoni kuganiza kuti chinenero chimodzi chingakwanire nyanja yonse, pakuti kusindikiza mabuku m'zinenero zinayi kapena zisanu kunkafuna ndalama ndi anthu amene adalibe.

Koma kumapiri zinthu zidaoneka mwina. A Laws adakaonana ndi Inkosi M'mbelwa mu 1879, ndipo chimene chidatsegula khomo la Angoni sichidali Chingelezi kapena Chinyanja, koma pakamwa pa William Koyi, amene chinenero chakwawo chinkamvana ndi Chingoni. A Koyi adakhala ku Njuyu kuyambira 1882, napirira minyozo ndi ziopsezo, namwalirira komweko mu 1886, chaka chimene Angoni adalola sukulu. Dr. Walter Elmslie, amene adafika mu 1885, adalemba buku la malamulo a Chingoni ndi lina la Chitumbuka, onse aŵiri mu 1891, pakuti adaona kuti m'midzi ya Angoni anthu ochuluka ankalankhula Chitumbuka. Pang'ono ndi pang'ono Chitumbuka chidaloŵa m'malo mwa Chinyanja ndi Chingoni m'sukulu zambiri za kumpoto, Chitonga chikugwira ntchito kunyanja ndi Chinkhonde ku Karonga. Chipangano Chatsopano cha Chitumbuka chidatuluka mu 1911, ndipo cha Chitonga, ntchito ya Mbusa Alexander MacAlpine, mu 1921.

Ili ndilo phunziro loyamba la m'moyo wa a Laws. Mishoni imene adaitsogolera idayamba ndi chinenero chimodzi chothandiza aphunzitsi, koma idatsiriza ndi zinenero zingapo zothandiza ana. Sukulu za m'midzi zidachuluka kufikira mazanamazana, ndipo m'menemo mwana ankaphunzira kuŵerenga, kulemba, kuŵerengera ndi Mawu a Mulungu m'chinenero chimene ankachimva. Chitsitsimutso chachikulu cha m'zaka zotsiriza za m'ma 1890, pamene makamu a Atonga ndi Angoni ankasonkhana ku misonkhano ya Mgonero, chidamera pa nthaka imeneyi.

Pa Khondowe: Khomo la Chingelezi

A Laws sadakhutire ndi sukulu za m'midzi zokha. Ankafuna sukulu yaikulu yosula aphunzitsi, abusa, othandiza m'chipatala, alembi ndi amisiri. Ali ku tchuthi pakati pa 1891 ndi 1894 adakaona sukulu za ku America, ndipo mpingo wawo udawatuma ku Calabar m'dziko la Nigeria, kumene uphungu wawo udathandiza kukhazikitsa sukulu ya Hope Waddell. Atabwerera, mu 1894 adasankha phiri la Khondowe, pamwamba pa nyanja kufupi ndi mathithi a Manchewe. Sukuluyo idatchedwa Overtoun Institution polemekeza Lord Overtoun wa ku Scotland, amene adapereka ndalama zambiri. Pofika 1905 pamalopo padali madzi a m'mipope, magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi, ndi mseu wokhotakhota wotsikira kunyanja. Mphunzitsi wamkulu woyamba adali Mbusa James Henderson, amene mu 1906 adakaloŵa m'malo mwa Dr. Stewart ku Lovedale.

Makwerero a maphunziro adali otere. M'sukulu ya m'mudzi zonse zinkaphunzitsidwa m'chinenero cha anthu. M'sukulu za pa mishoni, monga Bandawe, Ekwendeni, Karonga ndi Loudon, mwana ankayamba kuphunzira Chingelezi monga phunziro limodzi mwa maphunziro ena. Koma wokwera ku Khondowe, akafika m'makalasi apamwamba, ankapeza kuti Chingelezi sichilinso phunziro chabe ayi, chasanduka njira yolandirira maphunziro onse: masamu, za maiko, mbiri yakale, za thupi la munthu, kusunga mabuku a ndalama, kutumiza mauthenga pa waya, ndi zaubusa zomwe.

Zifukwa zake zidali zitatu. Choyamba, ophunzira ankachokera m'mitundu yambiri: Atonga, Atumbuka, Angoni, Ankhonde, Acheŵa a ku Kasungu, ndi ena a ku Mwenzo m'dziko limene lero ndi Zambia. Kusankha chinenero cha mtundu umodzi kukadakhala kulemetsa ena onse. Chachiŵiri, mabuku a zamankhwala, a masamu apamwamba ndi a zaumulungu adalipo m'Chingelezi chokha, ndipo kumasulira onsewo kukadatenga mbadwo wathunthu. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, a Laws ankakhulupirira kuti palibe phunziro limene mwana wa ku Scotland angalimve limene mwana wa ku Nyasaland sangalimve. M'masiku amene azungu ambiri a m'minda ndi a m'boma ankafuna kuti munthu wakuda adziŵe zochepa zokwanira kumvera bwana, kupatsa Mtonga kapena Mtumbuka Chingelezi chonse kudali kuvomereza poyera kuti iye ndi munthu wofanana ndi wina aliyense. Pa ichi adatsata Dr. Stewart, amene atatenga utsogoleri wa Lovedale mu 1870 adaika Chingelezi pamalo pamene kale padali Chilatini ndi Chigriki.

Zipatso Zake

Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Chingelezi kadameta ndithu, ndipo maina a amene adatuluka pa Khondowe achitira umboni. David Kaunda adapita kwa Abemba mu 1904 pamodzi ndi alaliki anzake, nakhazikika ku Chinsali, naphunzira Chibemba, nayala maziko a mishoni ya Lubwa. Mwana wake Kenneth adadzakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Zambia mu 1964. Levi Mumba adali mmodzi wa oyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, bungwe limene a Laws adalilimbikitsa, ndipo mu 1944 adasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress. Clements Kadalie wa kufupi ndi Bandawe adayenda kudzera ku Southern Rhodesia nafika ku Cape Town, kumene mu 1919 adayambitsa bungwe la antchito la ICU, limene lidakula kukhala gulu lalikulu la anthu akuda ku South Africa m'zaka za m'ma 1920. Pa misonkhano yake Kadalie ankalankhula Chingelezi, ena namamasulira. Hanock Msokera Phiri wa ku Kasungu adaphunziranso pa Khondowe, ndipo ndiye adali malume wa Dr. Hastings Kamuzu Banda. Mu 1914 Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiya Tweya adadzozedwa kukhala abusa oyamba a kumpoto.

Komabe nkoyenera kuzindikira kuti anthu ameneŵa sadakwere ndi Chingelezi chokha. Onse adali atayamba ndi chinenero cha kwawo, ndipo mitima yawo idapitirira kulankhula m'menemo. Nyimbo zimene Mawelera Tembo, Peter Thole, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula adapeka, molimbikitsidwa ndi Mbusa Donald Fraser wa ku Loudon, zidapekedwa m'Chingoni ndi m'Chitumbuka, ndipo zikuimbidwabe m'mipingo yathu. Yesaya Chibambo adalemba mbiri ya Angoni m'Chitumbuka. Chingelezi chidawapatsa mphamvu yolankhula ndi boma ndi maiko akutali, koma chinenero cha kwawo ndicho chidawapatsa mawu opempherera, olirira ndi oyamikira.

Mtolo Wake

Buku la chikumbutso siliyenera kubisa zolemera. Mwana wophunzira masamu m'chinenero chachilendo amasenza mitolo iŵiri nthaŵi imodzi: ayenera kulimbana ndi mawu, ndiponso ayenera kulimbana ndi nzeru imene ili m'kati mwa mawuwo. Mwana wa msodzi amadziŵa bwino kugaŵa nsomba 12 kwa anthu anayi, koma funso lomwelo likabwera m'Chingelezi amakhala chete, ndipo mphunzitsi amamuyesa wopanda nzeru pamene chomuvuta ndi chinenero. Pothaŵa manyazi, mwana wotere amaloŵeza mawu pamtima osawamvetsa, nawabweza pa mayeso monga momwe adawalandirira. Makolo ake sangathe kumthandiza madzulo, pakuti zimene waphunzira sadziŵa kuzinena m'chinenero cha pakhomo. Ndiponso chinenero chimene sichigwiritsidwa ntchito pa maphunziro ozama chimatsalira m'mbuyo pa mawu ake; nchifukwa chake lero lino ngakhale agogo pa msika amatchula mitengo ya zinthu m'Chingelezi.

Khomo la pa Khondowe lidali lopapatiza. Pa zikwi zambiri za ana a m'sukulu za m'midzi, oŵerengeka okha ndiwo ankafika m'makalasi apamwamba, ndipo atsikana pakati pawo adali ochepa kwambiri. Amene adatsiriza adapeza kuti kumpoto kulibe ntchito zoyenera maphunziro awo, motero adapita ku Blantyre, ku Salisbury, ku migodi ya mkuwa ndi ku Johannesburg, midzi yawo nkutsala ndi okalamba, amayi ndi ana. Nzeru zidapita kukalemeretsa maiko ena.

Padalinso bala lina. Munthu amene wapatsidwa chinenero cha mtsogoleri amayembekeza kupatsidwanso udindo. Charles Domingo, amene William Koyi adamtola ku Quelimane akali mwana, adakulira m'nyumba ya a Laws, adaphunzira ku Lovedale, adaphunzitsa pa Khondowe, natsiriza maphunziro a zaubusa mu 1900. Adadikira zaka zambiri osadzozedwa, mpaka adachoka mu mpingo ali woŵaŵidwa mtima. Mbusa Mwasi nayenso adapatuka mu 1933, ndipo zifukwa zake adazilemba m'Chingelezi chakuthwa chimene adachiphunzira pa mishoni pomwepo. A Laws adali ofulumira kuphunzitsa koma ochedwa kudzoza, ndipo mpingo udataya amuna anzeru chifukwa cha kuchedwa kumeneko.

Njira Ina ya ku Nkhoma ndi Mtsutso wa 1924

M'chigawo chapakati mudali njira ina. Mbusa Andrew C. Murray wa Dutch Reformed Church adayamba wakhala ndi a Laws ku Bandawe mu 1888, ndipo mu 1889 iye ndi Mbusa T. C. B. Vlok adatsegula mishoni ya Mvera. Amishoni ameneŵa adatsamira kwambiri pa Chicheŵa ndi pa ntchito zamanja za kumudzi, Chingelezi nachiphunzitsa mochepa. Zipatso zake zidali zooneka: anthu ochuluka oŵerenga m'midzi, Buku Lopatulika limene lidatsirizidwa motsogozedwa ndi Dr. William H. Murray ndi kutuluka mu 1922, ndiponso olemba mabuku onga Samuel Josia Ntara, amene buku lake la Nthondo lidapata mphotho ku London mu 1933. Koma ana a njira imeneyi ankatsalira pofuna ntchito za ulembi ndi za m'boma, ndipo makolo ambiri adadandaula nazo.

Mu 1924 bungwe la Phelps-Stokes, lotsogozedwa ndi Dr. Thomas Jesse Jones ndipo m'kati mwake muli Dr. James Aggrey wa ku Gold Coast, lidayendera sukulu za ku Nyasaland. Maganizo a bungweli adali akuti mwana ayambe m'chinenero cha mtundu wake, ndi kuti chinenero cha ku Ulaya chibwere m'makalasi apamwamba. Komanso lidakonda maphunziro oyenerana ndi moyo wa kumudzi koposa maphunziro ozama a m'mabuku. Lidayamika ntchito ya ku Nkhoma, ndipo lidaona ngati ya pa Khondowe yapitirira muyeso. A Laws pa nthaŵiyo ankafunitsitsa kukweza sukulu yawo kuti ikhale koleji yotsogolera ku yunivesite. Koma mphepo idali itatembenuka: boma, akuluakulu a mpingo ku Scotland, ngakhale amishoni anzawo achinyamata sadagwirizane nawo, ndipo ndalama zidasoŵa. Masomphenyawo adaimitsidwa. Dziko lidadikira kufikira 1940 kuti lione sukulu yoyamba ya sekondale ku Blantyre, ndi kufikira 1965 kuti Yunivesite ya Malaŵi iyambe kuphunzitsa. Yunivesite ya Livingstonia idatsegulidwa pa Khondowe mu 2003.

Chaka chomwecho cha 1924 chidawapatsanso chimwemwe. Mu Seputembala ma Presbiterio a Livingstonia ndi Blantyre adalumikizana pa Khondowe kukhala mpingo umodzi wa CCAP, ndipo a Laws adasankhidwa kukhala Mtsogoleri woyamba wa Sinodi. Nkhoma idaloŵa mu 1926, ndipo motero njira ziŵiri zija, ya Chingelezi ndi ya Chicheŵa, zidapezeka m'nyumba imodzi. Ulemu wina adali ataulandira kale: adali Mtsogoleri wa Msonkhano Waukulu wa United Free Church of Scotland mu 1908, ndipo adakhalako m'bungwe lopanga malamulo la Nyasaland. Mayi Laws adamwalira mu 1921. A Laws adatsazika dziko lino mu 1927, namwalira ku London pa 6 Ogasiti 1934 ali ndi zaka 83. Adaikidwa kwawo ku Aberdeen, m'manda a tchalitchi cha St Machar.

Funso Limene Adatisiyira

Funso la chinenero silidaloŵe nawo m'manda. M'zaka za m'ma 1930 boma la atsamunda lidafuna kuti Chinyanja chiphunzitsidwe m'sukulu zonse. Anthu a kumpoto pamodzi ndi amishoni adakana, ndipo mu 1947 Chitumbuka chidavomerezedwa pambali pa Chinyanja. Mu 1968 Chicheŵa chidakhazikitsidwa kukhala chinenero cha fuko, Chingelezi nkukhala cha ntchito za boma, ndipo zinenero zina zidachotsedwa m'sukulu. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chinenero cha kwawo, koma mabuku ndi aphunzitsi okonzekera zidasoŵa. Lamulo la zamaphunziro la 2013 lidaika Chingelezi kukhala chinenero chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna udalengeza kuti zimenezi ziyambire mu Sitandade 1. Dziko la Zambia lidasankha Chingelezi kuyambira kalasi loyamba mu 1966, ndipo mu 2014 lidabwezera zinenero za m'zigawo m'makalasi anayi oyamba. Ku South Africa lamulo la Bantu Education la 1953 lidagwiritsa ntchito zinenero za anthu monga mpanda wowatsekera kutali ndi maphunziro apamwamba. Ndipo pa 16 Juni 1976 ana a ku Soweto adaphedwa pokana kuphunzira masamu ndi maphunziro ena m'Chiafrikaans. Zonsezi zitionetsa kuti chinenero cha m'kalasi chingathe kukhala khomo, ndiponso chingathe kukhala goli.

Moyo wa Dr. Laws utiphunzitsa kugwira zinthu ziŵiri pamodzi osataya chimodzi. Iwo sadamane mwana wa mu Afrika Chingelezi, pakuti kutero kukadakhala kumtsekera kunja kwa mabuku, kwa mabwalo a milandu ndi kwa misonkhano imene inkagamula za dziko lake. Koma sadayalenso Chingelezi pa nthaka youma. Amene adapambana pa Khondowe adali atayamba kuŵerenga ndi kuganiza m'Chitonga, m'Chitumbuka, m'Chinkhonde kapena m'Chicheŵa, naphunzira Chingelezi zaka zingapo monga phunziro, asanayambe kulandiriramo maphunziro ena. Ndiponso munthu amene adawapatsa chinenero chake adali atayamba wadzichepetsa kuphunzira chawo. M'mera mpoyamba, ndipo denga silikhala pa nyumba yopanda maziko.

Mipingo yathu ili ndi sukulu zambiri m'manja mwake, choncho nkhaniyi ikutikhudza ife abusa, akulu a mpingo, aphunzitsi ndi makolo. Tisalole kuti mwana alangidwe kapena kusekedwa chifukwa cholankhula chinenero cha amayi ake pa sukulu ya mpingo, pakuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mphunzitsi asachite manyazi kufotokoza phunziro lovuta m'chinenero chimene ana akumva, kenaka nkuwapatsa mawu ake m'Chingelezi. Tisamale kuti aphunzitsi a m'midzi alidziŵe bwino Chingelezi chimene akuphunzitsa, kuti khomo lisakhale la ana a m'tauni okha. Ndipo nyumba zathu zosindikizira mabuku zipitirize ntchito imene idayambika pa Cape Maclear, polemba m'zinenero zathu mabuku a zaumoyo, a zaulimi, a masamu ndi a zaumulungu. Pa tsiku la Pentekoste Mzimu Woyera sadasonkhanitse mitundu ya anthu m'chinenero chimodzi, koma adafikira munthu aliyense m'chinenero chimene adabadwa nacho. Tiyamike Mulungu chifukwa cha mtumiki wake Robert Laws, ndi chifukwa cha aphunzitsi a m'midzi osatchuka maina amene adanyamula ntchitoyi pamodzi naye, ndipo tipemphe nzeru kuti pamene iwo adalekeza ife tipitirize mokhulupirika.